MTIMA WA MKHRISTU NDI MUNDA: TIULIME NDI MAU A MULUNGU NDI PEMPHERO

MAU OYAMBA

Pamene akonzi a magazini ino anandipempha kuti ndilembepo kanthu za moyo wauzimu, ndinayamba ndakana. Ndine mnyamata wa zaka 16, ndili mu Fomu 3, ndipo alipo ambiri ondiposa nzeru ndi makhalidwe omwe. Koma nditaganiza bwino ndinavomera, poti pali china chimene chinandichitikira pa holide ya Khirisimasi chimene chinanditsegula maso. Ndiyamba ndi nkhani imeneyo ngakhale ili yochititsa manyazi, kenaka tione pamodzi zimene ndakhala ndikuphunzira kuchokera nthawi imeneyo.

ZIMENE ZINANDIONEKERA KU MPHAKATI

Lachitatu lina masana mphakati wa kwathu unasonkhana pakhonde la nyumba ya banja lina, poti kunja kunali mvula yowaza. A wapampando atandiona anasekerera nati, "Lero tachita mwayi, mwana wathu wa ku seminale ali pano. Atiwerengere Mau a Mulungu." Anandipatsa fanizo la wofesa mbeu, pa Marko mutu 4. Ndinawerenga mokweza ndi mosadodoma, ndipo mumtima ndinkadziyamikira ndekha.

Itafika nthawi yogawana, onse anayang'ana kwa ine. Ndinayamba kuyala zimene tinaphunzira m'kalasi: kuti Mthenga Wabwino wa Marko ndiwo waufupi mwa inai yonse, kuti uli ndi mitu 16, kuti unalembedwa m'Chigiriki. A wapampando anandidikira mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Zikomo mwana wathu. Koma ife timafunsa kuti mau amenewa akukhudza pati pa moyo wako." Ndinangoti kakasi, kusowa choyankha.

Pamenepo agogo ena achikazi, amene sadziwa ngakhale kulemba dzina lao, anayankhula motsitsa mau. Anati iwo ndiwo nthaka yaminga ija. Anafotokoza kuti panatha zaka ziwiri asakupatsana moni ndi mlamu wao chifukwa cha malire a munda, ndipo kuti mau onse amene amamva ku tchalitchi amafera mu mkwiyo umenewo. Anapempha kuti tiwapempherere. Sabata yomweyo ndinawaona ndi maso angawa akulowera kwa mlamu waoyo atasenza lichero la ufa.

Pobwerera tsiku la msonkhano lija agogowo anandigwira mkono nati, "Bambo athu a mawa, musadandaule. Mbeu muli nayo yambiri, koma mwaisunga m'nkhokwe. Kaibzaleni." Mau a akulu akoma akagonera. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinadzifunsa kuti: zaka ziwiri ndi miyezi ndikumva Misa tsiku ndi tsiku, nanga chamera n'chiyani mwa ine?

KODI KUKULA MU UZIMU N'KUTANI?

Kukula kwa thupi sikubisika. Yunifolomu imene tinabwera nayo mu Fomu 1 inatithina kalekale. Kukula m'nzeru nako kumaoneka pa mayeso. Koma kukula mu uzimu kulibe sikelo, n'chifukwa chake munthu akhoza kudzinamiza nthawi yaitali.

Pa tsiku la ubatizo Mulungu anaika mwa ife moyo wake, umene timautcha chaulere. Kukula mu uzimu ndiko kulola moyo umenewo kuti uzike mizu, kufikira maganizo athu, mayankhulidwe athu ndi zochita zathu ziyambe kufanana ndi za Khristu. Luka (2:52) amatiuza kuti ngakhale Yesu mwini, ali mnyamata ku Nazarete, ankakula pang'onopang'ono, osati mu msinkhu mokha ai, komanso m'nzeru ndi pamaso pa Mulungu. Ngati Ambuye anadzera njira ya kukula, ife ndife yani kuti tiilumphe?

Apa pali msampha umene umatikola ife a ku seminale. Belu limatidzutsa, belu limatilowetsa m'tchalitchi, belu limatigoneka. Munthu akhoza kutsata belu zaka zinai, osaphonyako pemphero ndi limodzi lomwe, koma n'kutuluka mtima uli gwa ngati momwe analowera. Kunja oyera, m'kati ayi ndithu: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndondomeko ya pa seminale ili ngati mpanda wa dimba. Mpanda umatchinga mbuzi, koma sulima.

Komanso tisaganize kuti tingadzikulitse tokha. Pa Marko 4:26-29 Yesu akufotokoza za mlimi amene amafesa, n'kumagona ndi kudzuka, mbeu ija n'kumakula iye osadziwa m'mene ikukulira. Wokulitsa ndi Mulungu. Yathu ndi ntchito ya mlimi: kusosa, kubzala, kuthirira ndi kupalira.

MBEU: MAU A MULUNGU

Baibulo lathu la Chikatolika lili ndi mabuku 73: m'Chipangano Chakale muli 46, m'Chipangano Chatsopano 27. Kuti mabuku amenewa atifike m'chinenero chathu, anthu anakhetsa thukuta. Jerome Woyera, amene anamwalira ku Betelehemu m'chaka cha 420, anatha zaka zambiri akumasulira Baibulo m'Chilatini, chinenero cha anthu wamba a nthawi yake. Kuno kwathu Buku Lopatulika linatuluka m'chaka cha 1922, Malembo Oyera a Akatolika m'chaka cha 1966, ndipo Buku Loyera, limene Akatolika ndi a mipingo ina anagwirira limodzi ntchito, linatuluka m'chaka cha 1998. Makolo athu akale ankamva Misa m'Chilatini. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe.

Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unatulutsa chikalata chotchedwa Dei Verbum pa 18 Novembala 1965. Chikalatachi chinalimbikitsa akhristu onse, makamaka ansembe ndi ena otumikira Mau a Mulungu, kuti aziwerenga Malembo kawirikawiri, ndipo kuwerengako kuziyendera limodzi ndi pemphero. Pambuyo pa msonkhanowo Mpingo unakonza mawerengo a Misa ya Lamulungu m'zaka zitatu: Chaka A timamva kwambiri Mateyo, Chaka B Marko, Chaka C Luka, pamene Yohane timamumva makamaka m'nyengo za Lenti ndi Pasaka. M'chaka cha 2019 malemu Papa Francis anakhazikitsanso Lamulungu lachitatu la pa chaka kuti likhale Lamulungu la Mau a Mulungu. Tsono nkhokwe ndi yodzaza. Funso ndi lija la agogo: kodi tabzala?

Kuti tione mphamvu ya mbeu imeneyi, tikumbukire mwana wa mu Africa mnzathu, Augustine Woyera. Anabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Anali wanzeru zedi pa sukulu, koma moyo wake unali wotayirira, ndipo mai ake Monica ankamulirira kwa Mulungu zaka ndi zaka. Baibulo ankalidziwa, ngakhale kulinyoza kumene kuti Chilatini chake n'chosakoma. M'chaka cha 386, ali m'munda wa maluwa ku Milan mtima utasweka, anatsegula makalata a Paulo Woyera n'kuwerenga mavesi omaliza a Aroma mutu 13, onena za kusiya moyo wa kuledzera ndi dama. Tsiku limenelo sanawerenge ngati katswiri wofufuza zolakwa ai, koma ngati munthu amene mauwo akunena iyeyo. Anabatizidwa ndi Ambrose Woyera m'chaka cha 387, pambuyo pake anakhala episkopi wa ku Hippo mpaka imfa yake mu 430. Papa Leo XIV, amene anasankhidwa mu Meyi 2025, ndi wa chipani chotsata malamulo a Augustine yemweyo. Taonani m'mene mavesi awiri okha anaberekera!

KUWERENGA KOPEMPHERA: MAKWERERO ANAI

Nditabwerera ku sukulu ndinakaulula zonse kwa Bambo amene amationgolera pa moyo wauzimu. Sanandiseke. Anati, "Mwana wanga, iwe umawerenga Baibulo ngati ukukonzekera mayeso. Tiye ndikuphunzitse kuliwerenga ngati kalata yochokera kwa bambo ako." Anandiphunzitsa njira yakale ya Mpingo yotchedwa m'Chilatini lectio divina. Mmonke wina dzina lake Guigo, wa chipani cha Carthusian ku France, ndiye anailongosola bwino m'zaka za m'ma 1100, ndipo anaifanizira ndi makwerero a masitepe anai.

1. Kuwerenga. Sankhani ndime yaifupi, mavesi khumi kapena kucheperapo. Poyamba pemphani Mzimu Woyera kuti akuunikireni. Werengani mosathamanga, kawiri kapena katatu. Funso la pano ndi ili: ndimeyi ikunena chiyani? Akuyankhula ndani, kwa yani, ndipo chachitika n'chiyani? Apa zimene timaphunzira m'kalasi zimathandiza kwambiri, poti zimatiteteza kuti tisaike m'Baibulo maganizo athuathu.

2. Kusinkhasinkha. Pa zimene mwawerengazo pamakhala liu limodzi kapena chiganizo chimodzi chimene chimakukodolani. Imani pomwepo. Libwerezeni mumtima monga ng'ombe ibzikula msipu itagona pamthunzi. Funso ndi lija la a wapampando: mauwa akundikhudza pati ineyo, lero lino?

3. Kupemphera. Mulungu wayankhula, tsono muyankheni. Mwina mauwo akutsutsani, pepesani. Mwina akutonthozani, thokozani. Mwina akupemphani chinthu chovuta, muuzeni poyera kuti mukuopa. Gwiritsani ntchito mau anuanu, osasamala za kukoma kwake.

4. Kukhala chete pamaso pa Mulungu. Apa mau amatha. Mumangokhala, ngati mwana wokhuta ali pamsana pa mai ake. Sitepe iyi ndi mphatso ya Mulungu, sitingaikakamize, koma tingaipatse malo.

Guigo anafanizira masitepe amenewa ndi kudya. Ife tinganene za nzimbe: kuwerenga ndi kusenda, kusinkhasinkha ndi kutafuna, kupemphera ndi kumeza madzi ake, ndipo kukhala chete ndi kukoma kuja kotsalira m'kamwa. Amene amangonyamula nzimbe paphewa sangadziwe kutsekemera kwake.

Papa Benedict XVI, m'chikalata chake cha Verbum Domini cha m'chaka cha 2010, anaonjeza kuti kuwerenga kotere sikunathe ngati sikunafike pa ntchito. Yakobe Woyera (1:22-25) akufanizira munthu womva mau osawachita ndi uja amadziyang'ana pagalasi, n'kuchoka, n'kuiwala nkhope yake. Choncho musanatseke buku, sankhani kanthu kamodzi kakang'ono koti muchite tsiku lomwelo.

Njira imeneyi si ya amonke okha. Masitepe asanu ndi awiri ogawana Mau a Mulungu, amene anachokera ku Lumko ku South Africa ndipo miphakati yambiri imawatsata, ali ndi mtima womwewo: kuwerenga, kutola liu, kukhala chete, kugawana, kupangana chochita ndi kupemphera. Agogo aja sanamvepo za Guigo, koma makwerero ake anakwera mpaka pamwamba.

Wina angafunse kuti ndiyambire pati? Yambirani pa Mthenga Wabwino wa Misa ya mawa, muuwerenge usiku musanagone. Kapena tengani Marko, mavesi khumi patsiku, ndipo mudzamaliza teremu isanathe. Mukapeza povuta funsani. Nduna ya ku Etiopiya ija, pa Ntchito za Atumwi mutu 8, inali munthu wamkulu, koma sinachite manyazi kupempha Filipo kuti aimasulire buku la Yesaya. Safunsa anadya phula.

MADZI: PEMPHERO

Mbeu yobzalidwa m'nthaka youma imangofera pansi. Madzi a munda wa mtima ndi pemphero. Mphunzitsi wathu pa ichi ndi Yesu mwini. Marko (1:35) akutionetsa Yesu akudzuka m'mamawa kusanache kukapemphera kwayekha, chikhalirecho dzulo lake anagwira ntchito mpaka usiku kuchiritsa odwala. Luka (6:12) akuti asanasankhe atumwi ake anachezera usiku wonse m'pemphero. Ngati Mwana wa Mulungu ankasowa nthawi yotere, nanga ine amene ndimati ndatanganidwa ndi masamu?

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka m'chaka cha 1992, anapatula gawo lake lonse lachinai kuti likambe za pemphero. Amatchula njira zitatu: pemphero la pakamwa, kusinkhasinkha, ndi pemphero la chete la mumtima. Zonse zitatu n'zofunika. Vuto lathu ambirife n'lakuti tinaima pa njira yoyamba, ndipo nayonso timaithamangitsa ngati tikupikisana. Tayesani tsiku lina kunena Atate Athu mosafulumira, kuima pang'ono pa pempho lililonse. Mudzadabwa kuona kuti mwakhala mukulonjeza zinthu zazikulu osadziwa.

Katekisimu amatikumbutsanso kuti pemphero si kupempha kokha. Pali kupembedza, kupempha, kupempherera ena, kuthokoza ndi kutamanda. Ine ndikavomereza, mapemphero anga ankachuluka sabata ya mayeso, ngati munthu amene amakumbukira malume ake pokhapokha fizi ikavuta.

Nazi zida zitatu zimene zandithandiza.

Choyamba ndi Masalimo. Alipo 150, ndipo Yesu yemwe ankawapemphera. Muli a chimwemwe, a mantha, a kulapa, ngakhale a munthu wodandaulira Mulungu kuti wamuiwala. Ukasowa mau, Masalimo amakubwereka. Wochimwa atsegule Salimo 51, wamantha Salimo 23 kapena 27.

Chachiwiri ndi korona. Ena amati korona n'kungobwereza mau, koma mtima wake ndi kusinkhasinkha moyo wa Yesu pamodzi ndi Amai Maria. Kuyambira m'chaka cha 2002, pamene Papa John Paul II anaonjeza zinsinsi zisanu za kuwala, zinsinsi zonse zilipo 20, ndipo pafupifupi zonse n'zochokera m'Malembo. Musanayambe chinsinsi chilichonse, ikani chithunzi chake m'maganizo.

Chachitatu ndi kudzifufuza madzulo. Ignatius wa ku Loyola anali msilikali. Atavulala mwendo pa nkhondo ku Pamplona m'chaka cha 1521, anagona nthawi yaitali akuwerenga za moyo wa Khristu ndi wa oyera, ndipo anatembenuka mtima. Iye ankalimbikira kwambiri kuti munthu aziyang'ana tsiku lake pamaso pa Mulungu. Mphindi zisanu kapena khumi n'zokwanira: thokozani pa zabwino za lero, pemphani kuwala, yendani m'tsiku lonse kuyambira m'mawa, pepesani pamene munalakwa, ndipo pemphani chithandizo cha mawa. Mlimi wanzeru amayendera munda wake tsiku ndi tsiku, sadikira mpaka nthawi yokolola.

Pamwamba pa zonsezi pali nsembe ya Misa, m'mene timadya pa magome awiri, la Mau ndi la Ukaristia. Ophunzira awiri a pa njira ya ku Emausi (Luka 24:13-35) anayamba amva Malembo mitima yao n'kutentha, kenaka anamuzindikira Yesu ponyema mkate. Munthu amene wasinkhasinkha Mthenga Wabwino usiku amamva Misa ya m'mawa ndi makutu ena.

UDZU WOONONGA MUNDA

Aliyense amene analimako chimanga amamudziwa kaufiti. Maluwa ake ndi okongola, koma kuipa kwake n'kwakuti amayamba ntchito yake pansi. Amadziphatika ku mizu ya chimanga n'kumayamwa chakudya asanatulukire kunja. Mlimi amangoona chimanga chikupinimbira, pamene feteleza anathira. Mumtima namonso mumamera kaufiti.

Kaufiti wanga anali chidani. Mu Fomu 2 mnzanga wina wa m'kalasi anandibwereka kope la Chilatini mayeso atayandikira, n'kulitaya. Phunzirolo ndinalephera, ndipo kunyumba anandikalipira. Kuyambira pamenepo sindinamuyankhulenso. Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, ndinkangomukhudza nsonga za zala nditayang'ana kumbali, kenaka n'kupita kukalandira Ukaristia ngati palibe kanthu. Ndinkaganiza kuti nkhaniyi sikukhudzana ndi pemphero.

Patapita masabata angapo ndikuyesa kuwerenga kopemphera, ndinafika pa fanizo la wantchito wosakhululuka (Mateyo 18:21-35), uja anakhululukidwa ngongole yosabwezeka, koma anakanyanga mnzake pakhosi chifukwa cha kangongole kakang'ono. Ndinafuna kulumpha ndimeyo, koma inandikakamira. Masiku atatu ndinalimbana nayo. Tsiku lachinai tili ku dimba, ndinakaima pafupi naye n'kunena kuti, "Achimwene, za kope zija zithe. Inenso ndinakulakwira pokusungira kukhosi." Anaika khasu pansi, ndipo anandiuza kuti kangapo konse anafuna kudzapepesa koma nkhope yanga inkamuopsa. Loweruka lake ndinapita ku sakramenti la kulapa. Sindinganene kuti ndasanduka woyera, anzanga a m'chipinda chogona angandigwire bodza. Koma kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti Mau a Mulungu ali ndi mano.

Udzu wina ndi uwu. Pali ulesi, umene umanong'oneza kuti udzayamba mawa. Pali kudzionetsera, kugwada nthawi yaitali pamene Bambo Rekitala ali pafupi, monga Mfarisi uja wa pa Luka 18 amene anapita ku Nyumba ya Mulungu kukadzitama. Pali phokoso: pa holide ambirife timagwira foni m'mawa tisanachite ndi chizindikiro cha mtanda chomwe, ndipo WhatsApp ndi Facebook zimadya nthawi yonse imene tikanapatsa Mulungu. Palinso tchimo lobisika limene munthu amachita manyazi kuliulula. Mankhwala a udzu wonsewu ndi amodzi: kuuzula usanachite maluwa ndi kumwaza njere. M'mera mpoyamba.

NG'AMBA IKAGWA

Ndisakunamizeni kuti mukayamba njira imeneyi tsiku lililonse mudzamva kukoma. Pali masiku amene ndimatsegula Baibulo osatolapo kanthu, maganizo ali ku mpira kapena ku nsima ya masana, mwinanso kuodzera kumene. Nditadandaula kwa Bambo aja anandifunsa kuti, "Kodi chimanga chimakula tsiku la mvula lokha?" Anandifotokozera kuti ng'amba ikagwa, mizu imalowa pansi kufuna chinyezi, ndipo mizu yozama ndiyo imalimbitsa phesi pa mphepo.

Oyera ambiri anadzera momwemo. Mai Teresa wa ku Calcutta, amene anamwalira m'chaka cha 1997, dziko lonse linkawadziwa ndi nkhope yomwetulira. Koma makalata ao atasindikizidwa m'chaka cha 2007, zinadziwika kuti kwa zaka zambirimbiri ankamva ngati Mulungu ali kutali nao. Komabe sanaleke kupemphera ngakhale kutumikira osauka. Choncho muyeso wa pemphero labwino si kukoma kumene tamva, koma kukhulupirika. Maganizo akathawa, abwezeni mofatsa, ngakhale kakhumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

ZIPATSO ZAKE

Nanga tidzadziwa bwanji kuti tikukula? Paulo Woyera pa Agalatiya 5:22-23 akutchula zipatso za Mzimu, monga chikondi, mtendere, kuleza mtima ndi kudziletsa. Zipatso zimenezi sizioneka m'tchalitchi mokha. Zimaoneka ku chipinda chodyera ndiwo zikachepa, pa bwalo la mpira woimbira akalakwitsa, pa ntchito ya manja pamene woyang'anira wachoka, ndi m'mene timakhalira ndi ana a Fomu 1. Ngati ndikupemphera kwambiri koma ang'onoang'ono akundiopa, munda wanga uli ndi masamba okhaokha.

Tisanene kuti tidakali ana. Kizito Woyera anali ndi zaka ngati 14 pamene anatenthedwa pa moto ku Namugongo, ku Uganda, pa 3 Juni 1886, pamodzi ndi Charles Lwanga ndi anzao. Papa Paul VI anawalengeza oyera m'chaka cha 1964. Carlo Acutis wa ku Italy, mnyamata wokonda kompyuta ndi mpira ngati ife, ankakonda Misa ndi korona tsiku ndi tsiku. Anamwalira ndi khansa ya m'magazi m'chaka cha 2006 ali ndi zaka 15, ndipo analengezedwa woyera pa 7 Seputembala 2025. Onse awiri anali aang'ono kwa ine.

Tikudziwa kuti si tonse amene tidzafike pa unsembe. Ena Mulungu adzawaitanira ku banja ndi ku ntchito zina. Koma sitingazindikire kuitana kwake ngati sitinaphunzire kumvetsera. Samuele ali mnyamata (1 Samuele 3) anamva kuitana katatu osadziwa mwini liu, mpaka Eli anamulangiza. Ndipo amene adzakhale ansembe, adzagawira chiyani akhristu ngati nkhokwe yao ili ya mbeu zosabzala?

PEMPHO KWA MAKOLO NDI ABAMBO ANSEMBE

Makolo athu okondedwa, seminale yoyamba ndi pakhomo panu. Tikabwera pa holide musamangotifunsa za malikisi okha, mutifunsenso ngati tikupemphera. Baibulo lisakhale pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo. Tikatha kudya madzulo, wailesi izime kwa mphindi khumi, mwana mmodzi awerenge Mthenga Wabwino, aliyense anenepo liu limene lamukhudza. Mutitengenso ku mphakati, ngakhale tikachiteko manyazi monga ndinachitira ine. Monica sanali wophunzira ngati mwana wake, koma maondo ake ndiwo anapatsa Mpingo Augustine.

Abambo athu ansembe, tikuthokoza chifukwa cha kuleza mtima kwanu. Chonde musatope kutiphunzitsa kupemphera, poti ambirife timachita manyazi kuvomera kuti sitidziwa. Tikakuonani muli nokha m'tchalitchi mutagwada, timaphunzira zambiri kuposa m'kalasi.

MAFUNSO OTI TIKAMBIRANE M'MAGULU

1. Werengani Marko 4:1-20. Mwa nthaka zinai zija, mtima wanu ukufanana ndi iti masiku ano? Chifukwa chiyani?
2. Ndi liu liti la m'Malembo limene linakusinthanipo zochita, osati maganizo okha?
3. Kodi kaufiti wa mumtima mwanu ndi chiyani, ndipo mungauze yani kuti akuthandizeni kumuzula?
4. Pa holide ikubwerayi, belu kulibe, mwasankha nthawi iti ndi malo ati opempherera?

MAU OMALIZA

Anzanga, sindikupempha zazikulu. Mphindi khumi ndi Mau a Mulungu, mphindi zisanu zodzifufuza madzulo, ndi kanthu kamodzi kochita tsiku lililonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pa holide ya Pasaka ndinapitanso ku mphakati kuja. Nthawi yogawana itafika sindinanene za Chigiriki, ndinangofotokoza za kope la Chilatini ndi mnzanga uja. Agogo aja anali pomwepo, atakhala pamphasa imodzi ndi mlamu wao. Potuluka anangondiuza kuti, "Yamera. Tsono muzipalira."

Mzimu Woyera atithandize tonse kupalira, ndipo Amai Maria, amene ankasunga Mau a Mulungu mumtima mwao, atipempherere.